Ngongole ya Kachewere

Masiku ano alangizi amabwera pa njinga zamoto kudzatiuza kuti tipange kalabu kuti a ku banki atikongoze feteleza ndi mbewu. Adzukulu anga amayesa kuti ngongole ya ulimi idayamba ndi iwowo. Ine ndimangoseka. Ngongole yoyamba ya mbewu imene ndidaiona ndi maso angawa idalowa m'nyumba mwanga momwe, nkhondo yoyamba ya azungu isanayambe, ndipo idatsala pang'ono kundilanda mwamuna.

Amuna anga sadali a kumapiri kuno. Kwawo kudali kuchigwa, kumene anthu amagona osatseka chitseko chifukwa cha kutentha. Adandiona ku tchalitchi tsiku lina atakwera phiri ndi anzawo, atasenza nsomba zouma za ansembe a ku mishoni, ndipo chaka chisanathe adali atamanga nyumba kuseri kwa nyumba ya amayi anga, pa chikamwini. Adali munthu wamtali, woseka ndi thupi lonse, wolimbikira khasu moti amayi, amene sankayamikira munthu wamba, ankangoti, "Uyu ndiye sadya zaulere." Mphepo yathu yokha ndiyo inkawazunza. M'mawa ankakhala pafupi ndi moto mpaka miyendo kuchita mawanga, ife n'kumawaseka kuti tsiku lina tidzawapeza atapsa.

Chilema chawo chidali chimodzi: sankafunsa. Chilichonse adali atachiona kale kwawo. Tikamamanga nkhokwe, "Kwathu timatere." Tikamafolera nyumba, "Kwathu timatere." Ndinkawauza kuti safunsa adadya phula, iwo n'kuyankha kuti phula la kwawo ndi lotsekemera. Ndinkawakonda koopsa munthu ameneyu, ndipo nthawi zina ndinkafuna kuwagenda ndi chitsononkho.

Zaka zimenezo mwamuna akamanga nyumba, msonkho wayamba kumulondola. Amene analibe popezera ankamanga katundu n'kuyenda wapansi kudzera ku Tete mpaka ku Halale. Abambo anga adapita choncho ine ndili wamng'ono. Adati akagwira ntchito chaka chimodzi. Amayi ankafunsa munthu aliyense wobwerako ngati adawaona, mpaka adatopa n'kusiya. Nchifukwa chake mawu akuti Halale sindinkafuna kuwamva m'nyumba mwanga, ngakhale mocheza.

Amene adatipatsa nzeru ina adali amalume, mlongo wawo wa amayi, eni mbumba yathu. Ankagwira ntchito m'dimba la ku mishoni pansi pa bulaza wina wachizungu, mthandizi wa ansembe. Bulazayo ndiye adabweretsa kachewere kuno. Nthawi imeneyo tinkamutcha mbatata yachizungu, ndipo ambiri ankamuona ngati chakudya chosakoma, chopanda shuga wa mbatata yathu ya kholowa. Koma makhukhi a azungu ku Boma ankamugula, amwenyenso chimodzimodzi, choncho munthu ankatha kupeza msonkho ali pakhomo pake. Vuto lidali mbewu. Sinkagulitsidwa, inkakongozedwa. Bulaza ankakongoza amalume, amalume n'kukongoza amene amuona kuti mizere yake ndi yowongoka. Ukatenga dengu limodzi unkabweza awiri ukakolola, osati wamkulu wodya uja, koma wamng'ono ngati dzira la nkhuku. Panalibe cholemba. Mbewu inkaperekedwa masana, pabwalo, anthu akuona, ndipo inkabwezedwanso choncho.

Amalume ndiwafotokoze pang'ono, poti popanda iwo nkhani palibe. Adali kamunthu kakafupi, ka mawu apansipansi, kosadziwa kukalipa. Mbuzi ikalowa m'munda mwawo ankaitulutsa moipepesa. Anthu ena ankawadyera masuku pamutu, iwo n'kumangoti kupatsa n'kuika. Akazi awo ndiwo ankawakalipirira anthu.

Tsiku limene adatipatsa mbewu, adaika dengu pamaso pa amuna anga n'kunena kuti, "Akamwini, nayi. Mawa ndidzakuonetsani kabzalidwe kake." Amuna anga adawomba m'manja mwaulemu wonse. Koma titafika kunyumba adatola kachewere mmodzi, wotuluka kale timaso, n'kumuzunguza m'manja.

"Chakudya chabwinobwino kuchikwirira m'nthaka? Anthu a kumapiri inu muli ndi mphwayi ndi njala."

"Khalani chete," ndidatero, "mungobzala monga akuuzeni."

Adabzaladi monga adawauzira, m'mphanje imene adaswa okha m'mbali mwa phiri. Mvula idagwa bwino chaka chimenecho. Kachewere adamera mobiriwira, n'kuchita maluwa oyera ndi ofiirira, moti anthu opita kunkhuni ankaima kumuyang'ana. Amalume ankadutsako kawirikawiri, n'kumagwedeza mutu mokondwa.

Ine pamenepo ndidali wodwala pakati, pa mwana wathu woyamba. Ndidachira nthawi yokumba ikuyamba, choncho ndidalowa m'chikuta kunyumba ya amayi, ndipo nditatuluka amayi sadandilole msanga kupita kumunda. Mwa mwambo, amuna anga sankalowa. Ankaima panja n'kumandilankhula chokweza, ngati ndili tsidya la mtsinje. Adakumba okha, kusenza okha, ulendo ndi ulendo mpaka ku Boma. Tsiku lina ndidamva akuimba asanafike n'komwe pabwalo. Msonkho adali atakhoma, chiphaso chake atachipinda bwino m'kansungwi, ndipo adandigulira chilundu chatsopano ndi mchere. Amayi adalandira zinthuzo pakhomo ataweramitsa nkhope monga apongozi, koma atalowa m'nyumba adavina pang'ono.

Ndidafunsa ndili m'katimo, "Bambo a mwana, mbewu ya amalume mwasunga?"

"Mbewu? Ilipo yokwanira mudzi wonse uno, ndi wa tsidya womwe!"

Ndidakhulupirira. Ndikanafunsa kuti ili kuti, koma munthu wa khanda mutu wake umakhala pa khanda.

Itafika nyengo yozizira, amalume adatumiza mawu kuti akubwera kudzatenga mbewu, poti bulaza adali atayamba kusonkhanitsa yake. Amuna anga adali atalalika kale mudzi wonse kuti tsiku limenelo adzaphunzitsa anthu a kumapiri ulimi. Choncho m'mawa mwake pabwalo padadzaza. Kudazizira usiku umenewo kuposa masiku onse. Udzu udali mbuu, ndipo madzi amene tidasiyira nkhuku m'phale adaundana pamwamba. Amuna anga adatuluka atafunda bulangete, mano akugundana, koma nkhope ili ngwee.

"Apongozi," adatero kwa amalume, "mbewu siili m'nyumba. Tiyeni kudimba."

Amalume adaphethira. "Kudimba, akamwini?"

"Tiyeni mukaone nokha."

Tidatsetsereka tonse, ine khanda kumbuyo, anthu ali mnzere ngati tikupita kumaliro. M'njira amuna anga ankafotokoza mokweza kuti aliyense amve. Ankati kwawo munthu akasowa mbewu ya mbatata amakwirira mbatata imodzi kuti iphuke, koma akapeza kholowa sakwiriranso chakudya. Amangodula nthambi, n'kuzisunga kudimba m'chilimwe chonse, mvula ikagwa n'kudulanso n'kubzala. Ndiye iwo, kachewere asanaume masamba, adadula nthambi zake zambirimbiri n'kuzibzala m'mphepete mwa mtsinje, mobisa, kuti adzatidabwitse. Wokumba uja adagulitsa yense, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, osasiya ndi mmodzi. Nthambizo zidagwira, ankati, dzana lomwe adazithirira zili zobiriwira.

Ndidayang'ana amalume. Ankayenda maso ali pansi.

Dimbalo lidali m'chigwembe, mmene chisanu chimagona. Titafika tidapeza mizere yokongola, yowongoka ngati yoyeza ndi chingwe, koma pamwamba pake pali masamba akuda bii, ogwa, olendewera ngati fodya wonyowa. Amuna anga adaima. Adagwada n'kuzula tsinde limodzi. Lidali ndi timizu pang'ono ndi kanthu kozungulira kochepa ngati nsawawa. Adazula lina, ndi lina. Munthu wa kuchigwa adali asanaonepo chisanu chikuwotcha mbewu usiku umodzi.

Kenaka wina kumbuyo adalephera kudzigwira, ndipo chiseko chidabuka dimba lonse. Sindinama, nanenso chidandifika pakhosi, ndidaluma nsonga ya chilundu chatsopano chija. Koma nditaona khosi la amuna anga litagwa, chiseko chidatha chokha.

Amalume adawayandikira n'kulankhula mofatsa monga mwa masiku onse. "Akamwini, kachewere sali ngati kholowa. Ngakhale chisanu chikanapanda kubwera, simukanapeza kanthu kooneka. Mbewu yake ndi yomwe ija timadya." Atatero adawagwira paphewa. "Musadandaule. Kwa abulaza ndikabweza ndekha, ndili nayo yanga. Zatha izi, iwalani."

Anthu adayamikira kuti amalume ndi munthu wa mtima wabwino. Inenso ndidatero.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwanga mudalowa munthu wina. Kuimba kudatha, "kwathu timatere" adatha, ndipo ndidayamba kuwasowa mawu omwe aja ankanditopetsa. Kumtondo amayi ena adapeka nyimbo ya mkamwini wa kuchigwa amene adagulitsa mbatata n'kusunga masamba, ndipo inkamveka bwino, poti akazi a kwathu nyimbo yonyoza saiphonya. Ndidakangana nawo awiri mpaka kutsala pang'ono kugwirana, koma nyimbo siletsedwa ndi mkangano. Amuna anga akakumana ndi amalume m'njira ankapatuka kulowa kutchire. Amalume, pofuna kuwasangalatsa, ankatitumizira kachewere wodya, amuna anga osamukhudza.

Kenaka ndidawapeza kuseri kwa nyumba akusoka nsapato za chikopa. Palibe amene ankasoka nsapato zotero kuti apite kumunda. Kudali gulu la amuna a midzi yoyandikana limene linkakonzeka kunyamuka.

"Mukupita kuti?" ndidafunsa, ngakhale ndinkadziwa.

"Mayi a mwana, pamudzi pano ndasanduka munthu wongodya. Amalume anu andilipirira ngati mwana. Ndikagwire ntchito chaka chimodzi chokha."

Chaka chimodzi. Ndidalira, ndidakalipa, ndidawaika mwana pamiyendo, ndidawauza kuti msonkho wa chaka chino adakhoma kale ndipo palibe akuwathamangitsa. Ankangosoka. Ndidaganiza zopita kwa amalume kuti abwere adzawauzenso kachiwiri, momveka bwino, kuti palibe mangawa. Ndikutuluka, amayi adandiimitsa. Adali akupeta chimanga, ndipo sadakweze nkhope.

"Ukawauze chiyani amalume ako?"

"Kuti adzanenenso kuti zidatha."

"Wapenga iwe. Abambo ako tsiku lonyamuka adabweza chilichonse. Khasu lobwereka adabweza, nkhuku ya eni ake adabweza. Adachoka alibe mangawa ndi munthu pamudzi pano. Munthu wotero amayenda mopepuka, satembenuka." Adapeta kawiri katatu. "Mlongo wangayo ndi mtima wake wabwinowo wamumasula mkamwini wanga."

Ndidaima pamenepo ngati andithira madzi ozizira. Kenaka ndidapitadi kwa amalume, koma ndi uthenga wina.

Ndidawapeza akusankha mbewu pakhonde. Sindidakhale n'komwe pansi bwinobwino. "Amalume, mawa m'mawa mukalonjerere mbewu yanu."

Adandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Mayi, ine ndikalonjerere munthu amene akulira kale? Ndidanena pagulu kuti zatha."

"Mukanenenso pagulu kuti sizidathe. Mukapanda kutero, mwana uyu akula monga ndidakulira ine."

Adayang'ana khandalo nthawi yaitali. Amalume ndi amene adaperekeza abambo anga mpaka kumalire tsiku lija, ndipo ndi amene adatilera pambuyo pake. Adapuma mozama n'kunena kuti, "Nanga ndikanena bwanji? Ine zokalipa sindizitha."

Tidapita kuseri kwa nkhokwe, ndipo ine, mwana wa dzulodzulo, ndidayamba kuphunzitsa eni mbumba kukalipa. Ndinkawauza mawu, iwo n'kubwereza.

"Pepani akamwini, mukupita kuti ndi mbewu yanga?"

"Chotsani pepaniyo!"

"Akamwini, mukupita kuti ndi mbewu yanga, ngati simukudandaula?"

"Amalume, mukulonjerera ngongole, simukupempha moto!"

Akazi awo adatipeza tili pamenepo, ndipo atamva nkhani yake adaseka mpaka kukhala pansi. Adati zaka zonse akhala akuyesa ntchito yomweyo osaitha. Adafuna kuti apite iwo, koma ndidakana. Mbewu idachoka m'manja mwa amalume, anayenera kukhala amalume.

M'mawa mwake amuna aulendo adasonkhana pamphambano, pansi pa mitengo ya masuku, ndi abale awo owaperekeza. Amuna anga adali pakati pawo, phukusi lili pandodo, bulangete paphewa. Ine ndidaima pambali, ndikuyang'ana njira yochokera kwa amalume. Dzuwa lidayamba kutuluka, iwo osaoneka. Ndidati basi, mantha awagwira. Mtsogoleri wa ulendo adali atadzuka kale pamene tidaona kamunthu kakubwera chothamanga, katavala jekete la ku tchalitchi, dengu lopanda kanthu lili m'manja.

Adafika ali wefuwefu, n'kuponya dengulo pamapazi a amuna anga. Pamalopo padali potsetsereka, choncho dengu lidagubuduzika kulowera kutchire, ndipo ndidaona mwendo wa amalume ukufuna kulithamangira. Adadzigwira.

"Akamwini!" Mawu adatuluka okwera, opyapyala, moti anthu adatembenuka kufuna kuona kuti ndani. "Mukupita kuti ndi mbewu yanga?"

Amuna anga adadabwa. "Apongozi, paja mudati zatha."

"Ndaganizanso. Sizidathe."

"Chabwino. Ndikakafika ndikatumiza ndalama."

"Ndidakukongozani ndalama ine? Ndalama imamera? Mbewu imabwezedwa mbewu, yolimidwa ndi manja omwe adailandira. Onsewa adaona ndikukupatsani."

Anthu adayamba kung'ung'udza. Ena ankati zoona, ena ankati mkuluyu wadya chiyani lero. Thukuta linkatsika pamphumi pa amalume m'mphepo yonse ija.

"Nanga ndiitenga kuti mbewuyo," amuna anga adafunsa, mawu atayamba kuuma, "poti mukudziwa kuti ndilibe?"

"Ndikukongozani ina. Dengu lina. Mudzabweza zonse pamodzi, zakale ndi zatsopano, ndipo sindidzalandira masamba."

Mawu omalizawo sindidawaphunzitse ine. Adatuluka okha, ndipo amalume atawamva adadzidzimuka kuposa tonse. Wina adaseka. Nkhope ya amuna anga idada. Mtsogoleri wa ulendo adati, "Achimwene, dzuwa likukwera, tiyeni kapena tsalani." Adayamba kuyenda mmodzimmodzi. Amuna anga adaima, akuyang'ana amalume kuchokera pamwamba, poti adali aatali kuwaposa kwambiri. Ine ndinkapemphera chamumtima kwa oyera onse amene ndinkawadziwa maina.

Kenaka adatsitsa phukusi, n'kulowa m'tchire muja kukatola dengu.

"Ndibweza," adatero. "Ndikadzabweza, ndidzapita. Munthu asadzandiletse."

Adabwerera kumudzi ali patsogolo, osayang'ana munthu, dengu kumanja, phukusi kumanzere. Amalume adakhala pamwala, ndipo nditawayandikira adandinong'oneza kuti, "Mayi, kodi sindidapyoze muyeso?"

Amuna anga adakwiya nawo amalume mpaka mvula kugwa. Ankawapatsa moni wouma, wa mwambo basi. Koma mkwiyo udawabwezera chilakolako cha chakudya, ndipo m'mphanje muja adagwiramo ntchito ngati akumenyana ndi munthu. Nthawi yobzala adapita okha kukafunsa amalume kuti mbewu imasungidwa potani kuti isaole, ndipo ndikuganiza kuti limeneli lidali funso lawo loyamba chibadwire. Pokolola adasankha mbewu ya amalume asanagulitse ndi mmodzi yemwe, n'kukaitula pabwalo masana, madengu odzaza mpaka kutayikira. Za ulendo sadazitchulenso. Ine sindidawakumbutse. Padabwera mwana wachiwiri, padabweranso anthu ofuna kukongola mbewu kwa iwo, ndipo ankawakongoza ndi ulaliki wautali wa mmene kachewere amasiyanirana ndi kholowa. Mwa amuna amene adanyamuka m'mawa uja, ena adabwerako, ena sitidawaonenso.

Sindidawauze zimene zidachitika kuseri kwa nkhokwe. Amalume adamwalira osaulula, akazi awonso, amene pakamwa pawo sipankasunga kanthu, iyi yokha adaisunga. Padapita zaka zambiri. Tsiku lina tili okalamba tonse, tikusankha mbewu pakhonde, maso awo atayamba kale kuchita khungu moti ankasankha ndi zala, adangoyamba kuseka okha.

"Mwaona chiyani?" ndidafunsa.

"Ndakumbuka amalume anu pamphambano paja. Mawondo ankagundana mkulu uja. Mawu aja adali anu, mayi. Ndidawazindikira asanamalize n'komwe."

Ndidasiya kusankha. "Ndiye mudadziwa? Nanga mudatsaliranji?"

Adagubuduza kachewere m'manja kwa kanthawi, n'kumuponya m'dengu la mbewu.

"Nsapato zija ndidazisoka masiku ambiri dala. Aliyense ankandimvera chisoni, inunso munkangolira. Ine ndinkadikira munthu mmodzi yekha woti andiuze kuti pamudzi pano pali ntchito imene ikudikira ine."